Mitengo Imene Bambo Anaviika m'Dambo

Ndikukumbukira chaka chimene tinabwerera kwathu kuno ku Ngauma, ndipo wandikumbutsa ndi mwana wanga Zeka, amene dzana anandibweretsera munthu pakhomo. Munthu wake wa nsapato zosongoka, wochokera ku Cuamba, akuti amagula matabwa akale. Anangolowa osaodira bwino, maso ali kudenga, n'kuyamba kugogoda mzati wanga ndi kiyi wa njinga yamoto ngati akusankha chivwende pamsika. Ndiye Zeka, mwana wobereka ine ndemwe, akuti, "Madala amati ina ilipo, ili m'dambo." Asa! Ndinawatulutsa onse awiri. Wansapato uja anaiwala ndi chisoti chake chomwe. Chili pano, nkhuku yayamba kuikiramo.

Mpaka lero mtima sunatsike. Koma poti ana a masiku ano amaganiza kuti mtengo umamera pa galimoto, ndati ndinene mmene mzati umenewu unalowera m'nyumba muno. Anzanga amene tinabwerera limodzi chaka chija, mukaona ndikunama mundidzudzule.

Ine dziko lino ndinachokamo ndili kumsana kwa mayi. Ndinakulira ku Malawi, mbali ya ku Namwera, m'misasa ya othawa nkhondo, kudya nandolo wa pamzere ndi kumva nkhani za kwathu kumene sindinkakudziwa. Nkhani imene bambo anga a Feniyasi ankaikonda kuposa zonse inali ya mitengo yawo. Kwathu kale munthu wofuna nyumba yokhalitsa sankadula mtengo lero n'kuimika mawa ngati mmene mukuchitira inu. Ankadula muwanga, naphini, mlombwa, n'kusenda makungwa, n'kukaviika m'matope a kudambo, n'kukhomerera ndi zikhomo kuti madzi asatenge. Ikagonamo dzinja limodzi, timadzi totsekemera ta mumtengo timene chiswe chimatsata timatha. Mtengo umatuluka wakuda, wonunkha, wolimba ngati njanji. Bambo ankati anachita zimenezi mayi ali ndi mimba yanga, pofuna kuwamangira nyumba yamakona yokhala ndi khonde, poti ankakhala m'kanyumba kozungulira kooneka ngati nkhokwe. Nkhondo inafika asanaivuule. Anayamba kugona m'tchire, kenako kuthawa kumene.

Vuto linali lakuti mayi anga a Rozina mitengoyo sanaione. Bambo akuti ankafuna kuwadzidzimutsa. Vuto lina linali lakuti bambo anali munthu wokometsa nkhani. Chaka chilichonse ku Malawi kuja mitengo ija inkachuluka, inkatalikanso. Mayi ankangoti, "Ikuswana m'matopemo." Mapeto ake pakhomo pathu bodza lililonse linkatchedwa mitengo ya bambo. Ndikanena kuti shuga wadyedwa ndi nyerere, mayi ankati, "Imeneyo ndi mitengo ya bambo ako, bwera kuno." Nthawi zina ankandiseka kuti, "Jowa, iwe si woyamba kubadwa. Uli ndi akulu ako akugona m'matope ku Ngauma." Jowa ndi ine, Jowakimu. Bambo ankangopukusa mutu, n'kunena kuti tsiku lidzafika.

Nkhondo itatha anthu anayamba kubwerera, koma ife tinachedwa chifukwa mayi anali atangobereka mlongo wanga Marita. Tinadzera ku Mandimba dzuwa litayamba kale kuwawa, titasenza makasu, chikwanje chimene kuno timati katana, mbewu, miphika ndi lona labuluu limene tinkafolera msasa wathu. Njira ya kumudzi inali itatsekeka, tinkayenda m'mapazi mwa amene anatsogola. Titafika bambo anaima pa kachulu kena pamene panamera mtengo, n'kunena kuti, "Pano ndi pabalaza." Ine ndinayang'ana uku ndi uku. Udzu, minga, nyerere. Ndinafuna kulira. Koma nditatembenuka ndinaona mango. Mitengo ya mango ikuluikulu, yokhala zaka zonsezo popanda woigenda, nthambi zikukhudza pansi. Ku Malawi bango limodzi unkalipeza ndi mkwapulo wa mwini wake. Kuno kunalibe mwini wake. Ndinadya osapsa ndi mchere mpaka mano anakana kutafuna china chilichonse, ndipo ndinalumbira kuti dziko lino sindidzachokamonso.

Akuluakulu maso awo sanali pa mango. Anali pa denga. Pafupi ndi mudzi panali mphukira zokhazokha, zowonda ngati mkono wa mwana, ndipo zimene zinali zabwinoko anali atadula kale amene anafika msanga. Mitengo yeniyeni inali kuphiri, tinkaiona ndi maso tsiku lililonse. Koma kuphiriko kunkakhala asilikali nthawi ya nkhondo, ndipo anasiyako mamina, mabomba aja okwirira pansi. Tsiku lina masana tinamva kugunda, utsi tolo, akuti nguluwe yaponda. Palibe anapita kukatola nyama. Anthu a ku Ngauma kusiya nguluwe yofa kale, dziwani kuti mantha analipo.

Ndiye tinakhala m'lona. Lona lakelo linali litatopa, zigamba zokhazokha, masana linkatentha ngati uvuni, kukawomba mphepo linkalira ngati likukwapulidwa. Marita anayamba kutsokomola, kachifuwa kouma kosaleka. Tsiku lina mayi akumuyamwitsa ananena mosakweza mawu, ndipo mayi akalankhula motsitsa ndiye kuti zavuta.

"Bambo a Jowa, mwana uyu sindimugoneka m'madzi. Mvula ikatipeza m'lona lino, ine ndi ana tibwerera ku Namwera kwa achemwali anga. Inu mutsale ndi mango anu."

"Amake Jowa, mitengo ilipo."

"Ili kuti?"

"M'dambo."

"Ndiye kaitengeni."

Bambo anatenga khasu. Chizindikiro chawo chinali mkuyu waukulu umene unali pa gondo la kamtsinje kathu. Koma mkuyu uja unali utapsa ndi moto wolusa, ngakhale chitsa osaoneka, ndipo kamtsinjeko m'zaka zimene kunalibe anthu kanasintha njira, kanakhota pena. Bambo ankakumba pamene pali gondo latsopano. Akakumba mpaka m'chiuno, palibe. Amasuntha pang'ono, amakumbanso. Dambo mbali imeneyo linasanduka maenje okhaokha, mbuzi ya munthu inathyokeramo mwendo, ndipo anthu anawapatsa dzina lakuti a Mfuko. Ana anzanga akandiona ankafwenkha pansi ndi manja. Mmodzi ndinamugulula dzino, ndipo sindipepesa, akudziwa yekha, ali ku Itepela.

Madzi nawonso anali atavuta, kamtsinje kataphwa. M'mawa wina mayi anandipatsa khasu lathu labwino, n'kupita nane kumtunda kwa dambo, kutali ndi maenje a bambo, pamene panali nsenjere zobiriwira. Anaponda ndi chidendene n'kunena kuti, "Kumba apa chitsime. Pakhomo pano pakhale munthu mmodzi wokumba chinthu chooneka." Mumve bwino, malowo anasankha ndi mayi.

Ndinakumba mosangalala. Pamwamba panali dothi louma losweka ngati zigumu, pansi pake lakuda lofewa, kenako matope ozizira amene ankalowa pakati pa zala za kumapazi. Nthawi yotentha ngati imeneyo, kuima m'matope ozizira ndi ufumu. Dzenje litafika m'ntchafu ndinamva kafungo ngati ka mazira owola. Ndinakweza khasu, n'kulitsitsa ndi mphamvu zanga zonse. Du! Mpini unandinjenjemeretsa manja mpaka m'mapewa. Khasu linakanirira pomwepo.

Tisananyamuke ku Malawi anatiphunzitsa ndi zithunzi. Ukaona chinthu chachilendo pansi usachikhudze, ubwerere pang'onopang'ono m'mapazi mwako momwe, ukauze akulu. Pa zonsezo ine ndinakwanitsa chomaliza chokha. Mmene ndinatulukira m'dzenjemo sindikudziwa. Ndinangopezeka ndikuuluka pamwamba pa nsenjere ndikukuwa, "Mina! Mina! Mayi, mina!" Azimayi amene ankabwera ndi zidebe anaziponya. Nkhalamba ina imene inkayenda ndi ndodo inandipitirira pa liwiro, ndodo itaisiya. Bambo anatuluka m'dzenje lawo kumunsi kuja matope ali m'makutu.

Achinyamata mukuseka. Sekani, poti miyendo muli nayo yonse. Chaka chomwecho munthu wa mudzi wa patsidya anapita kukasadza uchi n'kubwerako pa machira, mwendo umodzi palibe. Ife sitinali opusa. Tinali anthu ofuna kukalamba.

M'mudzi mwathu wodziwa za mamina anali che Saidi, Myao, mnzawo wa bambo, amene anali atangotula mfuti n'kubwera ndi majombo akuluakulu. Anandikhazika pansi, anthu atatizungulira.

"Mwanache, khasu lalira bwanji? Lati ngwe, kapena lati du?"

"Lati du."

"Walimva bwino?"

"Du, che Saidi. Ngati thabwa."

Ndinkaganiza kuti aseka. Anavula chipewa n'kupukuta thukuta. "Achimwene," anatero kwa bambo, "kaphereni mwana uyu nkhuku. Ilipo mina ya bokosi la thabwa. Imeneyo ndiye yoipitsitsa, ikakalamba imaphulika ngakhale uiyetsemulire."

Mayi anandikumbatira mpaka kundipweteka nthiti, kenako anandimenya khofi, sindikudziwa chifukwa chake mpaka lero. Che Saidi anapempha nsalu yofiira, mayi anavula duku lawo, analimangirira pa bango kutali ndi dzenje. Dambo lonse mbali ya kumtunda linatsekedwa, khasu lathu labwino lili chiimire m'katimo, mpini ukuoneka. Bambo anabwereka njinga kupita ku Mandimba kukanena. Anabwerako matako atatupa, akuti ochotsa mamina ali kaye ndi misewu ndi njanji ya ku Cuamba, kwathu adzafika koma tidikire. Kudikira mpaka liti? Palibe ankadziwa.

Mvula siidikira ochotsa mamina. Kum'mawa mitambo inayamba kuunjikana, nyerere zikusamutsa mazira, kutentha kwa chinyontho kuja kumene kumakoma ngati ulibe mavuto. Masana ena chizimalupsa chinagwa. Sichinali chambiri, koma lona lathu linadontha ngati sefa. Mayi anaima pakati atabereka Marita, atamufunditsa lichero, madzi akutsika m'khosi mwawo. Itasiya sanakalipe. Anayala chitenje pansi n'kuyamba kuikapo zovala zathu, kamphika, sopo, n'kumanga mfundo. Anati Lamulungu tikatuluka m'mapemphero tinyamuka. Bambo anakhala pa chitsa akusema mpini umene panalibe khasu loti auikepo. Ine ndinakwera mumtengo wa mango kukalira, poti mango anali atangoyamba kupsa.

Tsopano mumve za nkhumba. Azakhali anga a Firimina, alongo awo a bambo, anabwera kuchokera ku Malawi ndi kamwana ka nkhumba m'dengu, atakafunditsa ngati khanda. Anakatcha Refujiyadu, kutanthauza wothawa kwawo, poti nako kanabadwira kunja. Pofika nthawi imeneyi Refujiyadu anali atakula, ndipo anali chuma chonse cha azakhali. M'mawa mwake mvula ija itagwa, nkhumba inamva fungo la matope, inadula chingwe, ulendo wa kudambo. Sinapite ku maenje a bambo ayi, ngakhale anali ambirimbiri. Inadutsa pansi penipeni pa duku lofiira la mayi, n'kutsetserekera m'dzenje langa.

Kulira kwa azakhali kunasonkhanitsa mudzi wonse. Anthu anaima pa zulu za m'mphepete mwa dambo, zala zili m'makutu. Che Saidi anagona chafufumimba n'kumakuwa kuti aliyense agone, koma ndani angagone pamene pali zoonera? Azakhali ankaitana, "Refu! Refu mwanawe, tuluka! Ndakuphikira madeya!" Refu anangotulutsa mphuno, n'kubwereramo. Bambo wina amene sindimutchula, poti ana ake alipo, anayamba kale kugawa nyama. Akuti, "Mwendo ukagwera m'munda mwanga ndi wanga, tigwirizane." Azakhali anamuponyera chibuma.

Ine ndinali pamwamba pa mtengo wa mango wa m'mphepete, pamene ndinkaona m'dzenjemo bwinobwino. Nkhumba inagubuduka, inagwetsa khasu, inayamba kufukula ndi mphuno. Mvula ija inali itafewetsa m'mbali, dothi linkangogumuka. Kenako inapeza chinthu chija n'kuyamba kudzikanda nacho, msana wonse, uku ikulira mokoma. Anthu anatseka maso. Palibe chinaphulika. Inafukulanso cha kutsogolo, ikutsata chinthucho, ndipo ine ndinaona kuti n'chakuda, n'chachitali kuposa nkhumbayo, ndipo kumapeto kwake chagawika pawiri.

"Ndi yaitali!" ndinakuwa. "Che Saidi, mina yake ndi yaitali! Ili ndi mphanda!"

Che Saidi anadzutsa mutu. "Mphanda? Nkhondo yonse ndamenya ine, mina ya mphanda sindinaionepo."

Bambo anali ataimirira kale. Mayi anawagwira malaya, malaya anang'ambika, mayi anatsala ndi nsanza m'manja.

"Bambo a Jowa! Mukaphulika musabwerenso kuno!"

"Pondani m'mapazi mwa nkhumbayo, achimwene!" anakuwa che Saidi. "M'mapazi mwa nkhumba!"

Ndiye taganizani, bambo wamkulu, wandevu, mkulu wa mpingo, akuyenda monyang'ama m'timapazi ta nkhumba, manja atatambasula ngati akuvina. Palibe anaseka. Anafika pa dzenje, anagwada, anakankha Refu, n'kuyamba kupala matope ndi dzanja. Anapala, anapala, mpaka zala zinapeza pamene anatema ndi nkhwangwa kalekale, kamtanda kamene ankaika pa mtengo wawo uliwonse. Anawerama n'kununkhiza. Kenako anakhala pansi m'matope momwemo, pambali pa nkhumba, mapewa akugwedezeka. Kuchokera mumtengo sindinkadziwa ngati akuseka kapena akulira. Atapeza mpweya anakweza dzanja.

"Amake Jowa! Bwerani mudzalipatse moni bodza langa!"

Che Saidi sanalole kuti anthu athamangireko. Anayamba wakwawa yekha ndi mimba, akubaya pansi pang'onopang'ono ndi nsonga ya katana kuzungulira malo onse, mpaka anakhutira. Ataimirira anayang'ana Refu, n'kulavula. Anati, "Chibadwire changa, lero ndi pamene ndaona chinyama ichi chikugwira ntchito. Koma chisandikhudze."

Apa ndi pamene panali gondo lakale la kamtsinje. Bambo anakumba dambo lonse kusiya pamenepa, ndipo amene analoza ndi chidendene ndi munthu amene sankakhulupirira. Zimenezi bambo anawakumbutsa mayi mpaka imfa.

Kuvuula inali ntchito ya mudzi wonse. Amuna anafukula m'mbali, anamanga zingwe za luzi, n'kumakoka ndi nyimbo. Matope sankafuna kupereka. Mtengo ukamatuluka unkalira ngati ng'ombe ikuzula mwendo m'thope, fungo lake la mazira owola n'kukuta dambo lonse, azimayi atagwira mphuno uku akululuta. Misundu inatiluma mpaka m'makhwapa. Inatuluka mizati ya mphanda, mitanda, mapaso, yonse yakuda bii, yoterera, yolemera ngati maliro. Bambo ankaisisita umodzi umodzi n'kumaitchula, uwu muwanga wa pakati, uwu wa pakhonde. Inali yochepa kuposa mmene ankanenera ku Malawi, koma yambiri kuposa mmene mayi ankakhulupirira. Mayi anaizungulira manja ali kumbuyo ngati ogula fodya.

"Nanga ina ija ili kuti? Paja inali yodzaza galimoto."

"Inathawira ku Malawi," anatero bambo. "Ibwera ndi gulu lomaliza."

Mayi anaseka mpaka anakhala pansi. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chichokere ku Namwera. Lamulungu lija titatuluka m'mapemphero sanatchule za ulendo, koma mtolo sanamasule. Anati mitengo si denga. Anamasula kamphika kokha, kuti aphikire thobwa anthu ogwira ntchito.

Ndiye unali mpikisano wa ife ndi mitambo. Nthawi youmitsa mitengo panalibe, tinaimika yonyowa. Nkhwangwa inkadumpha pa muwanga uja ngati yamenya mwala, misomali ingapo imene bambo anaisunga kuchokera ku Malawi inapindika yonse, tinamanga ndi luzi basi. Mphukira zowonda zija zinagwira ntchito ya zipupa. Udzu unali utapsa m'tchire, koma azimayi anamweta nsenjere ndi bango m'dambo, ena anabwera ndi mitolo imene inatsala pa nyumba zawo. Anthu omwe aja ankawatcha bambo kuti a Mfuko ndi amene anali padenga. Ntchito yanga inali kuponda dothi lomatira ndi kuponya mitolo ya udzu m'mwamba, ndipo ndinkayenda ngati tambala, poti ndani anapeza mitengo? Azakhali a Firimina ankati anapeza ndi Refu, ndipo anaima pamenepo osasuntha mpaka bambo anawapatsa mzati umodzi waufupi ngati malipiro a nkhumba. Anaumangira khola.

Mvula yeniyeni inabwera masana, mbali imodzi ya denga itafoleredwa, inayo ili mapaso okhaokha. Inayamba ndi mphepo ya fumbi, kenako madontho akuluakulu ngati ndowe za mbuzi. Bambo ndi che Saidi anakokera lona lija pamwamba pa mbali yosafolera, n'kulipanikiza ndi miyala. Tonse tinaunjikana mbali ya udzu, ife, azakhali, che Saidi, ndi nkhuku za eni ake. Kunja kunkachita mkokomo. Mayi anaima atabereka Marita, anatambasula dzanja m'mwamba, akuyenda pang'onopang'ono kona ndi kona, kufunafuna dontho. Bambo ankawatsata ndi maso osapuma. Dzanja linabwerako louma. Mayi anamasula Marita kumsana, n'kumugoneka pamphasa. Kenako anatenga mtolo uja, anamasula mfundo, anakutumula chitenje n'kuchikoleka pa mphanda ya mzati wa pakati.

"Jowa," anatero, "wangoti chilili bwanji? Apatse moni akulu ako."

Nyumba imeneyo inanunkha mazira owola dzinja lonse. Alendo ankayang'anana, kuganizirana zoipa. Ife tinkagona ngati mafumu. Chifuwa cha Marita chinatha mango asanathe, ndipo lero ndi mayi wonenepa wa ana ake, amagulitsa nsomba zouma ku Entre Lagos, pakamwa ngati mayi ake.

Chimene anthu ambiri sanaone ndi ichi. Nyumba itatha, mitengo ingapo inatsala, ina mwa iyo yabwino kwambiri. Anthu ankaipempha. Bambo anakana. Madzi asanadzaze dambo ananditenga ine, tinaikoka, tinakaiviikanso pena, n'kukhomerera zikhomo. Ndinawafunsa chifukwa chake, poti nkhondo inali itatha. Anati, "Inatha kumene. Koma munthu savuula yonse. Wina adzafika pano ndi mwana wotsokomola." Ulendo uno sanadalire mtengo kapena mtsinje. Anandionetsa mwala.

Bambo anapita, mayi anapita. Nyumba ija ndinaigwetsa n'kumanga ya njerwa ndi malata, koma mzati wa pakati ndi womwe uja, kamtanda kake kakuoneka, chiswe chimafika n'kubwerera ndi njala. Ochotsa mamina anafika ndithu patapita nthawi, anayeretsa phiri, tinawathokoza. Ndiye mukudziwa chimene tinachita? Phiri limene mamina analisunga zaka zonse zija ife tinalimeta ndi makala ndi macheka a injini, magalimoto akutuluka atalemedwa. Pitani lero mukandipezere muwanga wokwana mzati, ndikupatsani mbuzi. Zeka anamanga yake ndi bulugamu wosaviika, wodula lero kukhoma mawa, ndipo ukakhala m'nyumba mwake ufa wa mtengo umakugwera m'tiyi. Munthu ameneyo ndiye akufuna akavuule ya agogo ake, apatse wansapato zosongoka akapangire tebulo. Tebulo!

Dzulo ndinatenga mwana wanga wamkazi Lusiya, amene ali ndi mutu, tinapita kudambo ngati tikukathyola ndiwo. Ndinamuimika pa mwala uja, ndinamuonetsa koyang'ana. Ndinamuuza kuti asadzaike chizindikiro pa mtengo, poti mtengo anthu a kuno adzauotcha makala, kapena pa mtsinje, poti mtsinje umasamuka. Anafunsa ngati angamuuze Zeka. Ndinati adzamuuze tsiku limene adzafike pakhomo pake ndi mwana wotsokomola, denga alibe.

Inu nonse amene mwayamba kale kuganiza za makasu, khalani pansi. Dambo lathu ndi lalikulu, bambo anga analikumba mpaka kutchedwa Mfuko osapeza kanthu, ndipo Refujiyadu tinadya kalekale pa ukwati. Akulu anga akugona. Asiyeni.